Mkono wa Alamu Anga

Bezibo inandipeza ndili kale mayi wa ana atatu, ndikuphunzitsa sitandade faifi pasukulu ina ya pulaimale ku Matawale. Anabwera nayo ndi mtsikana wina wa ku Japan amene anatumizidwa kudzathandiza pa maphunziro a masewera. Anafika ndi chikwama chachikulu chodzaza magolovesi achikopa, mipira yoyera yosokedwa ndi ulusi wofiira, ndi zibonga zitatu zosalala ngati minsi yatsopano. Chinyanja anachigwira msanga, kungoti ulemu anaupyoza muyeso. Ngakhale galu wa alonda ankamuuza kuti, "Pepani, tachokani pabwalo." Ife tinkangomuitana kuti a kochi.

Cholinga chawo chinali choti aphunzitse ife aphunzitsi, ifenso tikaphunzitse ana. Ana tinawaphunzitsadi, koma amene anatengeka kwambiri ndi ife akuluakulu. Loweruka lililonse masana tinkakumana pabwalo la sukulu: aphunzitsi angapo, anamwino awiri, telala wina wa pamsika, anyamata a kabaza a ku Chinamwali, ndi bambo wina wa ku Sadzi, msilikali wopuma, amene tonse tinkamutcha a sajeni.

Malamulo a bezibo ndi ambiri, koma mtima wake ndi wosavuta. Wina amaima pakachulu pakati pa bwalo n'kuponya mpira. Wina wa timu inayo amaima ndi chibonga kuti aumenye. Kumbuyo kwa womenyayo kumanjuta wowakha. Womenya akaphonya katatu watuluka, azikakhala pansi, ndipo ife tinkati wagwetsedwa. Mpira ukadutsa pabwino iye n'kungouyang'ana, kumenekonso ndi kuphonya. Koma woponya akasokeretsa mpira kanayi, m'mwamba kapena kumbali, womenya amapita ulere pathumba loyamba. Matumba alipo atatu, athu anali a feteleza odzaza mchenga, ndipo wozungulira onse n'kubwerera pomwe anayambira wagoletsa chigoli. Anthu atatu akatuluka ndime yatha, matimu amasinthana.

Ntchito yowakha inagwera ine chifukwa abambo onse ankadandaula mawondo. Ine kunjuta ndinakuzolowera pochapa, ndipo pautsikana wanga pa fulaye panalibe wondiposa. Ndinavala chigoba chachitsulo kumaso ndi chotchinga pachifuwa, ana anga n'kuseka mpaka kugubuduka.

Chimene tinkasowa ndi woponya. A sajeni ankaponya, koma mpira wawo unkabwera mwaulemu, ngati mlendo wogogoda pakhomo.

Tchuthi china ndinakwera phiri kukatenga mbatata ya kachewere kwa alamu anga, chitsiriza m'banja la amuna anga. Makolo awo anachokera ku Mozambique kalekale, ndipo iwo okha ndi amene anatsalira kumunda, m'mphepete mwa nkhalango ya mapaini, kumalima mbatata ndi masitiroberi. M'mawa amatsitsa nkhuni panjinga kupita nazo m'tauni. Pagulu salankhula, koma ndi ine, poti ndi pachilamu, pakamwa sipauma.

Tili mkati mokumba, agalu anayamba kuuwa. Chinyani chachimuna chinali chitakhala panthambi ya mtengo kumalire a munda, kutali ndithu, chikuyang'ana mizere ya masitiroberi ngati mwini wake. Alamu anatola mwala.

"Musachiphe," ndinatero.

"Ayi, ndingochiuza mawu."

Mwalawo sindinauone ukupita. Ndinangomva kuti phwa! Nthambi inagwedezeka, makungwa n'kuwaza, chinyani n'kudumphira m'tchire chikukuwa.

"Mumalinga nthambi kapena nyani?"

"Lero nthambi."

"Lero?"

"Masiku ena ndimalinga nthambi n'kumenya malata a aneba."

Mawu omalizawo ndinawamva koma sindinawasamale. Ndinangoti, "Loweruka likubwerali mukatsitsa nkhuni, musabwerere msanga. Ndikufunani kusukulu."

Anabweradi, atavala malaya a kutchalitchi poganiza kuti kuli msonkhano wa makolo. A kochi anawapatsa mpira, n'kuwaonetsa poika zala ndi poponda. Ine ndinanjuta, n'kutambasula golovesi. Mpira woyamba unandikankha mpaka ndinakhala pansi. Phokoso lake linamveka mpaka kumipope, amayi otunga madzi n'kucheuka. A kochi anaika manja pakamwa, kenako anayamba kudumphadumpha akulankhula chikwawo.

Lolemba lake ndinalephera kuvula mphete. Chikhatho chinatupa ngati mandasi, ndipo bukhu ndinkaligwira ndi chigongono. Telala uja ndi amene anandipulumutsa. Anadula chidutswa cha patapata wakale n'kuchisokerera m'kati mwa golovesi.

Timu yokhayo imene tinali nayo yopikisana nayo inali ya ophunzira a ku yunivesite, amene a kochi omwewo ankawaphunzitsa m'kati mwa sabata. Anabwera ndi malaya ofanana, nsapato zoyera ndi Chingerezi chambiri. Ife aliyense anavala zimene anapeza. Alamu anavula nsapato n'kukwera pakachulu.

Tsiku limenelo sindidzaliiwala. Woyamba anagwetsedwa asanatsitse n'komwe chibonga paphewa. Wachiwiri anazungulira ngati nguli n'kugwera pa ine. Wachitatu atabwerera kwa anzake ndinamumva akufunsa kuti, "Kodi waponya kale?" Ndime inatha choncho, yachiwiri chimodzimodzi. Anyamata a kabaza odutsa mumsewu anaimika njinga, amayi ogulitsa zitumbuwa anasendera pafupi, ndipo mpira uliwonse ukalowa m'golovesi mwanga onse ankakuwa kuti, "Moto!"

Anzathu oima m'bwalo kudikira mipira yomenyedwa analibe chochita. Mmodzi wa anamwino aja, mayi wonenepa wansangala amene ankaima kutali kumapeto a bwalo, anatopa n'kuyamba kuthyola chisoso m'mphepete mwa mpanda. Pomwe masewera ankatha anali atadzaza chipewa. Tinapambana, ndipo alamu anagwetsa anthu khumi ndi atatu. Madzulo ake kwathu anadya mbale ziwiri za kalongonda, achimwene awo akuwafunsa kuti afotokozenso kachitatu. Ine ndinagona ndikudziona ngati munthu wotola golide panjira.

Patapita masabata awiri tinakumananso nawo. Kunali chiperoni, phiri lonse litabisala m'nkhungu, udzu uli chinyezi. Mpira woyamba wa alamu unadutsa pamwamba pa mutu wanga, pamwamba pa woyimbira, n'kukagwera m'mapesi kuseri kwa zimbudzi. Wachiwiri unakumba pansi. Womenya woyamba anapita ulere pathumba, wachiwirinso. Wachitatu anagwetsedwa bwinobwino, anthu n'kukuwa "Moto!" Wachinayi mpira unamupeza m'matako, ndipo anayenda kupita pathumba akutsimphina, anzake akufa ndi kuseka. Wachisanu anapita ulere, ndiye poti matumba anali atadzaza, uja woyambayo anangoyenda pang'onopang'ono kudzagoletsa, manja m'thumba.

Zinayenda choncho mpaka kumapeto. Chodabwitsa n'chakuti ogwetsedwa anali ambirinso, khumi ndi mmodzi, koma tinagonja moti a kochi anasiya kulemba zigoli. Palibe wophunzira amene anamenya mpira wooneka. Zigoli zonse tinawapatsa tokha.

"Alamu, chachitika n'chiyani?" ndinawafunsa tikusonkhanitsa matumba.

"Ndinakuuzani ine za malata a aneba."

Kuyambira pamenepo timu yonse inasanduka asing'anga. Telala anati vuto ndi nsapato, chifukwa tsiku loyamba anaponya alibe nsapato ndipo lachiwiri anavala chifukwa cha kuzizira. Anavulanso, tinapambana, telala n'kumayenda chifuwa patsogolo. Sabata yotsatira anavulanso, tinagonja. Anamwino anati ndi njala, munthu amene watsitsa nkhuni m'phiri sangaponye ndi tiyi yekha. Tinayamba kuwabweretsera thobwa ndi chinangwa chophika. Zinathandiza kamodzi. Anyamata a kabaza anati amasokonezeka akazi awo akabwera kudzaonerera. Mayiwo atamva anati, "Ine ndiye ndizibwera, tione," ndipo tsiku limenelo amuna awo anaponya bwino kuposa masiku onse.

A kochi ankatimvetsera n'kumaseka. Tsiku lina anatiitana pansi pa mtengo wa mango n'kutionetsa pafoni oponya a kwawo ndi a ku America, zimphona zoponya m'mabwalo odzaza anthu.

"Onsewa amagwetsa anthu ambiri," anatero. "Koma taonani, awa amapambana chaka chonse. Awa, sabata ino moto, sabata yamawa madzi. Kugwetsa munthu mmodzi kumadya mipira yambiri, ndiye mkono umatopa msanga. Ndiponso mpira wothamanga kwambiri, akaupeza ndi chibonga, umapitanso kutali kwambiri."

"Ndiye mankhwala ake n'chiyani?" anafunsa telala.

"Ndikanawadziwa, bwenzi ndili m'bwalo limeneli, osati pansi pa mango."

Zimene ananena a kochi zinatipeza posachedwa. Ophunzira aja si opusa. Anapangana kuti asamathamangire kumenya, azidikira alamu asokeretse. Womenya aliyense ankadya mipira isanu, isanu ndi umodzi. Pofika ndime yachinayi ndinkamva m'chikhatho mwanga kuti moto wachepa. Ndiye panali mtsikana wina wamtali wa ku Karonga, wophunzira zamalamulo, wosalankhulalankhula, amene anali ndi diso lakuthwa kuposa anzake onse. Iyeyo anali woyamba kuupeza mpira wa alamu pakatikati pa chibonga. Unakwera, unakwera, n'kukagwera m'munda wa chinangwa kutsidya kwa msewu. Alamu anautsatira ndi maso mpaka kutembenuka thupi lonse, kenako anamuombera m'manja. Mpirawo tinaufuna mpaka dzuwa kupendeka.

Masabata otsatira, alamu akatopa a kochi ankawatsitsa pakachulu n'kukweza a sajeni. Mpira wa a sajeni aliyense ankaumenya, koma ankaumenya moipa: kaya ukwere m'mwamba wina n'kuuwakha, kaya ugubuduke pansi wina n'kuutola n'kuuponya kuthumba womenya asanafike. Ndime ina anaimaliza ndi mipira inayi yokha, osagwetsa ndi mmodzi yemwe. Alamu zinkawawawa.

"Umenewo ndi mpira, kapena akupatsirana dzira?" anandinong'oneza tsiku lina.

A sajeni anamva. Sanakwiye. Anangoti, "Lamulungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi ndikubwera kwanu. Mundisungire masitiroberi."

Tinakwera awiri, ine ndi a sajeni, pang'onopang'ono, tikupuma pamakona. Kumwamba kunali dzuwa lofunda bwino ndi kamphepo konunkhira utomoni wa mapaini. Tinapeza malo athyathyathya pakati pa mitengo, ine n'kunjuta patsogolo pa chitsa. Akazi a alamu anakhala pamwala ndi lichero la masitiroberi ophwanyika, osagulitsika, amene ndi okoma kuposa aja amaonetsa alendo pamsewu.

"Musaganize kuti ndimaponya pang'onopang'ono chifukwa cha nzeru," anayamba a sajeni. "Phewa langali linatha kale. Ndikanakhala ndi mkono wanuwo, bwenzi ndikuswa zibonga. Koma inu muli ndi liwiro limodzi basi, ndipo ana aja analiloweza ngati nyimbo ya fuko."

Anawaonetsa kagwiridwe kena: mpira kuulowetsa m'kati mwa chikhatho, zala zitatu pamwamba, koma mkono kuuzunguza mwamphamvu ngati kale. Womenya amaona mkono wa moto, mpira n'kubwera mochedwa.

Woyamba unagwera pakati pa njira. Wachiwiri unapita cham'mbali n'kugubuduza lichero. Akazi awo anaseka mpaka misozi. "Bambo a mwana, mwakalamba lero lomwe?" Alamu anatukwana mpirawo m'Chilomwe, n'kuutolanso. Tinakhala pamenepo mpaka mithunzi itatalika. Cha kumapeto, umodzi unabwera bwino moti ngakhale ine, amene ndinkaudikira, ndinatseka golovesi usanafike, n'kundigunda pachifuwa. A sajeni anavula chipewa.

Tinapangana zizindikiro. Ndikaonetsa chala chimodzi pakati pa mawondo, ndi moto. Zala ziwiri, ndi wochedwa uja. Vuto linali loti alamu ankachita nawo manyazi. Poyeserera ankauponya, koma pamaso pa anthu ndikaonetsa zala ziwiri ankayang'ana kuphiri ngati sanaone.

Nthawi ya a kochi yobwerera kwawo itayandikira, tinakonza masewera otsanzikana. Anthu anabwera ambiri kuposa kale lonse. Ana a sukulu anakhala m'mizere, amuna anga anabwereka mpando kwa alonda, ndipo a kochi anakana kukhala mbali ya timu iliyonse, anakhala pakati atavala chitenje chimene tinawagulira.

Tsikulo alamu anali pakatikati, osati moto weniweni, osatinso malata a aneba. Ophunzira ankamenya, anzathu m'bwalo ankathamanga n'kutola. Kangapo anavomera zala ziwiri, koma pa omenya ofooka okha. Tinafika ndime yomaliza tikutsogola ndi chigoli chimodzi. Awiri anatuluka. Kenako mkono unayamba kusokera: wina anapita ulere, wina anamenya kampira kodutsa pakati, wina ulere. Matumba onse atatu anadzaza. Ndipo amene anatola chibonga anali mtsikana wa ku Karonga uja.

Chala chimodzi. Anaphonya. Chala chimodzi. Unasokera. Chala chimodzinso, ndipo anaumenya mwamphamvu koma unapita kunja kwa mzere, n'kubalalitsa nkhuku kuseri kwa kalasi. Ndinadziwa kuti wotsatira akauwongola, tikaufunanso ku chinangwa. Ndinaonetsa zala ziwiri. Alamu anayang'ana kuphiri. Ndinaonetsanso. Anapukusa mutu.

Ndinapempha nthawi kwa woyimbira, n'kukweza chigoba, n'kuyenda kupita pakachulu.

"Alamu, maso akuvuta?"

"Ameneyu ndikufuna ndimugwetse ndi moto. Anandichititsa manyazi."

"Moto wake uti? Chikhatho changa chikundiuza kuti kwatsala makala."

"Anthu onsewa andione ndikuponya dzira?"

"Akuoneni. Mukakana, ine ndikukhala pansi pompano, muziwakha nokha."

Anandiyang'ana, thukuta likutsika m'masaya, kenako anaseka. "Achimwene anakwatira mavuto."

"Anadziwa kale. Ponyani."

Ndinabwerera, n'kunjuta. Mkono unazungulira mwaukali ngati nthawi zonse, mpaka iwo anabuula. Mtsikanayo anaponda patsogolo, chibonga chinanyamuka, koma mpira unali usanafike. Anayesa kudziletsa, n'kungoukhudza ndi nsonga. Unagubuduka pang'onopang'ono kulowera pakati pa thumba loyamba ndi lachiwiri, kumene tsikulo kunaima namwino wa chisoso uja. Wothamanga wa pathumba lachitatu anali akubwera kale kwa ine ngati ng'ombe yolusa. Bwalo lonse linaimirira. Mayiwo anathamanga, duku likugwa, anawerama, mpira unawapulumuka, anautolanso ndi dzanja lopanda golovesi n'kuuponya kwa telala pathumba loyamba. Telala anatambasuka mpaka buluku linang'ambika. Mpira unalowa m'golovesi mtsikanayo atatsala phazi limodzi. Anakhala wachitatu kutuluka, masewera n'kuthera pomwepo, chigoli cha wothamanga uja osawerengedwa.

Zimene zinachitika pambuyo pake ndimazikumbukira m'zidutswa. Nthungululu. Anyamata a kabaza akuliza mabelu a njinga. Anamwino a chisoso aja atanyamulidwa m'mwamba ndi anthu anayi, akukuwa kuti awatsitse. A sajeni akuguba okha kuzungulira matumba. A kochi akulira ndi kuseka nthawi imodzi, chitenje chitamasuka. Mtsikana wa ku Karonga anabwera pakachulu akupuma mwawefuwefu, n'kuwaloza alamu ndi chala.

"Bambo, mwandinamiza!"

"Si ine, achemwali. Ndi alamu angawa."

Mtsikanayo anandigwira dzanja, n'kunena kuti Loweruka lotsatira sadzanamizidwanso. Ananenadi zoona. Titakumananso, wochedwa uja anaudikira bwinobwino n'kuutumiza kutsidya kwa msewu.

Madzulo a tsiku lotsanzikanalo ndinawaperekeza alamu mpaka pamphambano yokwerera kuphiri, iwo akukankha njinga. Ankawerenga pazala.

"Anayi okha, alamu. Ndagwetsa anayi okha tsiku lonse."

"Nanga tapambana kapena tagonja?"

"Tapambana, koma anayi?"

Anadandaula choncho mpaka pamphambano. Koma atayamba kukwera ndinawamva akuimba nyimbo ya kwaya, mokweza, mpaka anakhota.

A kochi anapita, chikwama chija anatisiyira. Magolovesi ena anang'ambika, telala amawasoka. Ophunzira aja anamaliza maphunziro, kunabwera ena, ndipo mtsikana wa ku Karonga asanachoke anawaphunzitsa anzake atsopano, kuphatikizapo mmene angadikirire alamu anga. A sajeni anasiya kuponya, tsopano ndi oyimbira, ndipo sakondera ngakhale pang'ono. Mawondo anga ayamba kulankhula, moti ndikuphunzitsa mphunzitsi mnzanga wachitsikana kuti adzandilowe m'malo, koma chigoba sindinachipereke.

Chigongono cha alamu chimawawawa nyengo yozizira, ndipo anamwino anawalamula kuti asamapyole ndime zinayi. Amamvera mwa apo ndi apo. Mpaka lero palibe amene amadziwa kuti Loweruka kutsika mkono uti kuchokera kuphiri. Anthu odutsa amaima n'kufunsa kuti, "Lero ali bwanji?" ndipo ife timangoti dikirani muone.

Loweruka lapitali anayamba ndi kupereka ulere kwa anthu atatu otsatizana. Ndinali nditayamba kale kuganiza zowatsitsa. Kenako anagwetsa atatu otsatira, mmodzimmodzi, wina ndi moto, wina ndi wochedwa, womaliza osaona n'komwe chimene chamudutsa. Anatsika pakachulu akupukusa mkono, n'kudzaima pafupi nane pamene ndinkamasula zingwe za chotchinga pachifuwa.

"Alamu, ndiye lero ndi tsiku labwino kapena loipa?"

"Sindinadziwebe," ndinatero. "Imwani madzi, kwatsala ndime zitatu."